Muvi ukugwa pa rest ndikamakoka uta: ndigule Whisker Biscuit kapena yogwa yokha?

MlondaWaMpanda
Akuluakulu, mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndiye ndingoulula. Ndimagwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire kuno ku Limpopo, chaka chino n'chachinayi. Abwana anandisiyira uta wawo wakale wa compound (uta wa timawilo kumapeto), wofuna mphamvu ya mapaundi 60 pokoka, ndipo ndimakoka mainchesi 28. Nyengo ino andilembera chilolezo choti ndiphe njiri ziwiri ndi nswala imodzi za ndiwo. Loweruka ndinalowa mu hide (kanyumba kobisalamo) ya pa dziwe 6 koloko m'mawa. Cha m'ma 11 njiri yamphongo inafika n'kugwada pa mamita 17, itandipatsa nthiti bwinobwino. Ndikukoka pang'onopang'ono, muvi unaterereka pa timano tiwiri tachitsulo timene umagonapo (ndiyo rest yanga), n'kumenya thupi la uta kuti ngwee! Njiri mchira m'mwamba, kunangotsala fumbi. Aka n'kachiwiri mwezi uno.

Ku shopu anandionetsa rest za mitundu iwiri. Ina ndi ya burashi yozungulira, Whisker Biscuit. Ina ndi imene imagwa yokha muvi ukamachoka, ndipo mtengo wake ukuposa kawiri wa inzakeyo. Shopuyo ili kutali, ndimapitako kamodzi pa miyezi iwiri ndikapeza galimoto. Ndigule iti?

Njiri77
Biscuit basi, achimwene. Mukamanga mwamanga. Yanga yatha zaka 6 ili pomwepo.

Kebulo_Jozi
Aise Njiri77, musamuthamangitse munthu. Mu burashi muvi umadutsa wonse, kuyambira kutsogolo mpaka nthenga, ukukhudza rest. Dzanja logwira uta likapotoka pang'ono pa nthawi yoponya, muvi umakhala ukadali m'kati, ndiye umatenga kupotokako n'kupita nako. Yogwa imausiya muvi msanga, nthenga zimadutsa osakhudza kalikonse. Ine ndinasinthira ku yogwa ya QAD Ultrarest HDX ndipo pa mamita 50 mivi yanga inayamba kuunjikana pamodzi. Ku burashi sindingabwererenso.

Njiri77
Mamita 50 pa chandamale cha njiri ya thovu ku Johannesburg. Munthuyu wanena mamita 17 pa njiri yamoyo.

NaphiriWaMauta
Musanapikisane, palibe wafunsa funso loyamba. Bambo Mlonda, mumakoka nsinga ndi zala kapena ndi release, kachipangizo kokokera ndi kumasula nsinga?

MlondaWaMpanda
Ndi release, amayi, yomanga padzanja, ndipo pa nsinga pali D-loop, kachingwe kokolekapo release.

NaphiriWaMauta
Chabwino. Ndafunsa chifukwa woponya ndi zala muvi wake umapindikira m'mbali ukamachoka, ndiye umafuna rest yokhala ndi chotsamira cham'mbali, monga tija ta pulasitiki tomata pa uta wa recurve (wopanda timawilo), kapena ya flipper yokhala ndi batani. Ndi release muvi umachoka wowongoka ndithu, choncho zonse ziwiri zimene mwatchulazo zikhoza kukugwirirani ntchito. Ine kuno ku Leeds ndimangolasa chandamale, chifukwa ku Britain kusaka nyama ndi uta n'koletsedwa ndi lamulo, ndiye za kutchire ndiwasiyira eni ake.

PhodoLakale
Achimwene a Mlonda, ine ndakhala zaka zambiri ndikulondola mapazi a nyama ndi kuperekeza alendo osaka ndi uta kufupi ndi Thabazimbi. Mauta amene ndawaona akulephera ndi ambiri kuposa amene ndawagwira ndekha. Ndinene zimene maso anga aona.

Imene muli nayoyo, ya timano tiwiri, inapangidwira munthu woima chilili pa bwalo, uta uli njo. Mu hide mumakhala pa mpando, denga lili pafupi, uta mwaupendeketsa, mtima ukugunda, dzanja likunjenjemera. Muvi ugwa ndithu. Vutoli si la dzanja lanu. Chimene mukufuna ndi rest yotsekera muvi m'kati, yoti ngakhale mutazondotsa uta muvi usatuluke. Biscuit imachita zimenezo. Zogwa zambiri za masiku ano nazonso zili ndi kampanda kotsekera pamwamba. Ndiye pa nkhani ya muvi kugwa, zonse ziwiri zithetsa vuto lanu.

Kusiyana kuli pa zimene zingachitike muli kutali ndi shopu. Biscuit ilibe chilichonse choyenda: ilibe sipuling'i, ilibe chingwe. Yogwa ili ndi kachingwe kamene kamaikoka, ndipo kachingweko kamamangidwa m'njira ziwiri. Zina, monga QAD ndi Ripcord, zimamangidwa pa kebulo ya uta imene imatsika pansi mukamakoka. Kutalika kwa kachingweko kuyenera kukhala ndendende, kuti kamkono konyamula muvi kafike pamwamba penipeni mu inchesi imodzi kapena ziwiri zomaliza za kukoka kwanu. Kakafupika, kamakoka kebulo mopyola n'kusokoneza kayendedwe ka ma cam, timawilo ta kumapeto kwa uta. Kakatalika, kamkonoko sikafika pamwamba, muvi umachoka utazolika. Zina, monga Vapor Trail ndi Hamskea, zimamangidwa pa limb, mkono wopindika wa uta. Uta ukapuma chingwe chimakhala chokungika, kamkono kali pansi. Mukakoka chingwe chimakhwepa, sipuling'i n'kudzutsa kamkono. Mukaponya limb imabwerera n'kukakokera pansi. Izi n'zosavuta kumanga, ndipo chingwe chikaduka mukhoza kuikapo chingwe cha D-loop muli kutchire konko.

Koma kwathu kuno kuli zinthu ziwiri zimene akatswiri a pa YouTube sazitchula kawirikawiri: minga ndi fumbi. Mitengo ya minga yokowa ija imagwira chingwe chilichonse cholendewera mukamakwawa. Fumbi lofiira la July ndi August limalowa paliponse pamene pali kanthu kozungulira. Ndinaona mlendo wina ataphonya ngoma yaikulu pa mamita 20, muvi n'kugwera pansi pa mimba. Titaunika uta madzulo, tinapeza kuti kachingwe kanali katatsetsereka pa kebulo pang'ono chabe, mwina m'chikwama paulendo wa pa ndege. Munthu wamkulu uja analira misozi.

Sindikunena kuti zogwa n'zoipa. Alendo ambiri amabwera nazo ndipo zimagwira bwino. Koma iwo amadziwa kuziunika, ndipo kwawo shopu ili pafupi. Kwa inu, pa mamita osafika 25, ine ndingakusankhireni Biscuit.

Kebulo_Jozi
Madala, ulemu wanu, koma kachingwe kutsetsereka ndi vuto la womanga. Ukakalowetsa pakati pa ulusi wa kebulo n'kukamanga bwino ndi ulusi wina, sikasuntha. Komanso pa QAD pali timizere timene timakumana ukakoka mpaka kumapeto. Mnzako akangoyang'ana amakuuza ngati zili bwino. Ndipo ukaidzutsa ndi chala chachikulu imakhala chidzukire, ngakhale utabweza nsinga pang'onopang'ono nyama ikasuntha. Mu hide zimenezo n'zofunika.

PhodoLakale
Zoona zonse. Koma kuti mulowetse kachingwe pakati pa ulusi wa kebulo mufunika bow press, makina opanira uta kuti kebulo ikhwepe. A Mlonda ali nayo pa famu?

MlondaWaMpanda
Ndilibe. Ndili ndi ma Allen key okha ndi pulayala.

Kebulo_Jozi
Mumabwera kachipanira kopanira pa kebulo m'paketi momwemo, press siifunika.

Njiri77
Ndiye kachipanirako ndi kamene kamatsetsereka kaja.

ChilengedweChathu
Pepani kulowerera. Ine zikundiwawa kuona anthu akukambirana mosangalala za kupha nyama. Kwathu nyama zinatha chifukwa cha mtima womwewu, mpaka ku Majete anachita kukatenga nyama kwina kudzabwezeretsa. Ndipo muvi umazunza nyama kuposa mfuti.

MlondaWaMpanda
Ndakumvani, ndipo za kwathu zimandiwawa inenso. Koma kuno si kutchera misampha m'nkhalango ya boma. Famu ili ndi mpanda, nyama timaziwerenga chaka chilichonse, ndipo zikachuluka kuposa msipu zimafa ndi njala m'chilimwe. Ndine amene ndimazitungira madzi ndi kuchotsa mawaya a anthu opha mozemba. Chimene ndikufunsira za rest n'chakuti ndisadzavulaze nyama n'kuisiya ikuvutika m'tchire.

PhodoLakale
A Chilengedwe, pa mfundo yachiwiriyo pali choonadi pang'ono: muvi wolasa pamalo olakwika umazunzadi. Koma wakuthwa bwino ukaboola mapapo onse awiri, nswala siipita kutali, nthawi zambiri timaipeza pasanathe mamita 100. N'chifukwa chake timalimbana ndi tinthu ting'onoting'ono ngati timeneti.

ChilengedweChathu
Sindikugwirizana nazobe, koma ndamva kusiyana kwake.

MdzukuluWaAlenje
Ine ndikamawerenga izi ndimakumbukira agogo anga aamuna ku Chikwawa. Uta wawo unali mtengo umodzi, nsinga ya chikopa chopota, muvi wa bango wokhala ndi mpaliro wosulidwa ndi mmisiri wa m'mudzi. Rest inali chala chawo cha mkombaphala. Pa chala chimenecho panali chipsera cha nthenga zimene zinkawacheka. Ankati alenje akale a ku Shire ankapaka ulembe wa kombe ku mpaliro. Ndinadzawerenga nditakula kuti John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi, anatenga kombe yemweyo kupita naye kwawo, ndipo ku Edinburgh, Thomas Fraser anapezamo mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Alenje athu ankadziwa zinthu.

NaphiriWaMauta
Za chipserazo ndi zoona. Anzathu oponya longbow ya Chingelezi kuno mpaka lero muvi amaugoneka padzanja, ndipo ambiri amavala gulovu chifukwa cha nthenga zomwezo. Pa recurve yosakira ambiri amangomata kachikopa kaubweya pa shelefu ya uta, pamwamba pa chogwirira. Koma pamenepo pamafunika nthenga zenizeni za mbalame, chifukwa zimagonja zikamadutsa. Za pulasitiki zimamenya shelefu n'kukankha muvi.

MdzukuluWaAlenje
Ndiye bwanji a Mlonda osangochotsa rest yonseyo n'kumata chikopa?

Kebulo_Jozi
Compound ndi nkhani ina, akulu. Inabwera ndi Holless Wilbur Allen wa ku Missouri, patent yake ndi ya 1969, ndipo thupi la uta wa masiku ano linasemedwa kuti muvi udutse pakati, m'mwamba mwa shelefu, pa bowo lomangira rest limene amalitcha Berger hole. Dzinalo linachokera kwa Vic Berger, katswiri woponya mivi wa ku America. Mukaugoneka pa shelefu, muvi ukhala pansi kwambiri ndipo ulibe chouimika pakati.

ChisanuWisconsin
Ndafika mochedwa, kuno nthawi ili m'mbuyo. Ine ndimasaka agwape a whitetail ndili pa kampando m'mwamba mwa mtengo. Boma la Wisconsin ndi limene linayamba kupatula nyengo yosaka ndi uta mu America, mu 1934, ndiye mkangano wa burashi ndi yogwa kuno uli m'nyumba iliyonse ya mlenje. Chimene chinandichotsa ku rest ya burashi ndi chisanu. Mu November kukagwa mvula yosakanikira ndi chipale, burashi imanyowa kenako n'kuuma gwaa, ndipo ukamakoka muvi umalira. Panopa ndili ndi yomangira pa limb. Koma ku Limpopo, ngakhale m'mawa wa June kumazizira, nyengo yosaka kumakhala kouma, ndiye vuto limeneli silikukukhudzani.

Chimodzi chokha ndiwonjezere: rest iliyonse imene mugule, matani kansalu kofewa ka moleskin pa shelefu ndi m'mbali mwa thupi la uta, paliponse pamene muvi ungagunde. N'kotchipa kwambiri. Kakanakhalapo Loweruka lija, mwina njiri ija siikanamva kanthu.

Njiri77
Apa mwalasa. Ndi chikopa cha lilime la nsapato yakale chimathekanso, ndi guluu.

Kebulo_Jozi
Nanga liwiro bwanji? Burashi imadya liwiro la muvi. Nswala imagwada ikamva nsinga, aliyense akudziwa. Ukachedwa pang'ono muvi umadutsa pamwamba pa msana.

PhodoLakale
Tiyeni tiwerengere limodzi. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Muvi wosakira wa pa uta ngati wa a Mlonda ukathamanga kwambiri ndi mamita 80 kapena 85 pa sekondi. Ndiye kuti phokoso limafika kwa nswala msanga kanayi kuposa muvi. Burashi imachotsa mafiti ochepa chabe pa sekondi, mwina mita imodzi. Pa mamita 20 kusiyana kwake n'kochepa moti nswala siingapindule nako. Ngakhale mutagula uta wothamanga kuposa onse, phokoso simungalipitirire. Chimene chimathandiza ndi uta wosalira, muvi wolemerako, ndi kudikira nyama ikhazikike, mutu uli pansi ikumwa, osati pamene yaimika makutu ikuyang'ana hide.

ChisanuWisconsin
Pa muvi wolemera ndikuvomereza. Dr Ed Ashby anayamba kafukufuku wake wa mivi ku Natal, ku South Africa komweko, m'zaka za m'ma 1980, ndipo amalimbikitsa muvi wolemera magreni 650 kupita m'mwamba pofuna kuswa fupa lalikulu. Ine wanga ndi wa 520, ndipo uta unachepa phokoso nditangosiya wopepuka.

Kebulo_Jozi
650 pa mapaundi 60 muvi uziyenda ngati utawaleza.

NaphiriWaMauta
Abale, munthu wafunsa za rest. Za kulemera kwa muvi tsegulani nkhani yake payokha, ndikudziwa kuti sizitha lero.

MlondaWaMpanda
Zikomo amayi. Ndikupendekera ku Biscuit. Lachisanu kuli galimoto yopita ku tauni. Ndikafika ndinene chiyani, ndipo ndikabwera nayo ndiyambire pati?

PhodoLakale
Nyamulani muvi umodzi popita. Mabowo a Biscuit ali a misinkhu yosiyana, small, medium ndi large, ndipo muvi uyenera kugona pansi pa bowo n'kusiya kampata kooneka pamwamba pake. Ukathina umalira pokoka ndipo suuluka bwino. Onaninso kuti ndi ya dzanja lanu, chifukwa kampata kolowetsera muvi kamakhala mbali imodzi. Ngati ndalama ikulola, tengani yokhala ndi timizere toyezera m'mbali ndi m'mwamba, kuti mukasuntha muzidziwa pamene mwachokera.

Pomanga, muvi udutse pakati pa Berger hole, ndipo upange ngodya yowongoka ndi nsinga. Kuchokera ku thupi la uta kufika pakati pa muvi, mauta ambiri amayambira pa 13/16 ya inchesi, pafupifupi mamilimita 21. Pamenepo m'poyambira chabe. Kenako mangani pepala la nyuzipepala pa felemu, chandamale kumbuyo kwake, muime mamita 2, muponye. Mukufuna bowo limodzi lozungulira ndi timizere titatu ta nthenga. Pepala likang'ambikira m'mwamba, ndiye kuti mchira wa muvi ukuchoka uli pamwamba: kwezani rest pang'ono kapena tsitsani D-loop. Muzisuntha pang'onopang'ono, ngati kunenepa kwa chikhadabo, n'kuponyanso.

Chomaliza n'chimene ambiri amachizengereza. Mukatha ndi pepala, ponyani broadhead (nsonga ya mipeni) yeniyeni imene mukasake nayo pamodzi ndi nsonga yophunzirira, pa mamita 20 ndi 30. Mipeni ya broadhead imagwira mphepo ngati mapiko, ndiye ngati muvi ukuchoka mopendekeka ngakhale pang'ono, ikuwonetsani. Zikamagwera pamodzi ndiye mwakonzeka. Muonenso kuti mukakoka mpaka kumapeto mipeniyo ikutsala kutsogolo kwa rest ndi zala zanu.

Kebulo_Jozi
Pamenepa palibe chotsutsa. Ndi yogwa yomwe njira ndi yomweyo, kungoti timawonjezera kupaka lipisitiki m'mphepete mwa nthenga kuti tione ngati zikukhudza kamkono. A Mlonda, mukadzayamba kufuna mamita 40 mudzandifunse.

MlondaWaMpanda
Ndabweranso patapita masabata atatu. Ndinagula Biscuit, medium ndi imene inakwana mivi yanga. Moleskin sanali nayo, ndinamata chikopa monga ananenera a Njiri77. Sabata yoyamba nthenga zinayamba kukhwinyata ndipo imodzi inamatuka. Kodi zimatero?

Njiri77
Nthenga ya mtundu wosiyana ija mwailozetsa kuti?

MlondaWaMpanda
Pansi, monga mmene ndinkachitira pa rest yakale kuti idutse pakati pa timano.

Njiri77
Ndi pomwepo. Yang'anani burashi yanu, pansi pali ubweya wakuda wolimba wonyamula muvi. Nthenga isadutse pamenepo. Potozani nock, kamchira ka muvi kolowa pa nsinga, kuti nthengayo iloze kumwamba. Zokhwinyatazo ziviikeni m'madzi otentha pang'ono, zimawongoka. Pomata zina dontheza kadontho ka guluu kutsogolo kwa nthenga iliyonse. Zifupizifupi zolimba ngati Blazer, za mainchesi 2, zimapirira burashi kuposa zazitali zofewa.

MlondaWaMpanda
Ndapotoza ma nock onse, kukhwinyata kwasiya. Pepala linkang'ambikira m'mwamba, ndinakweza rest kawiri pang'onopang'ono mpaka linatulutsa bowo loyera. Broadhead ndi nsonga wamba zikugwera pa chikhatho chimodzi pa mamita 20 ndi 30. Dzulo masana njiri inabwera pa dziwe lomwe lija, mamita 16. Ndinakhala uta uli pa mwendo, muvi uli m'kati, kwa maola anayi, osagwa. Muvi unaboola n'kutulukira mbali inayo, ndipo tinaipeza pa mamita ngati 60. Nyama tagawana ndi anzanga a pa kompaundi.

Koma chilipo chimodzi. M'hide mukakhala zii ndimamva ka "fwii" pang'ono muvi ukamakhuza burashi pokoka. Njiri siinasamale. Nswala ndikuiopa.

Kebulo_Jozi
Ndasangalala nanu, akulu, mwaigwira ntchito. Ka "fwii" kameneko pa yogwa yomatidwa kansalu kulibe, ndingonena.

PhodoLakale
Mwachita bwino achimwene. Kaphokosoko kawirikawiri ndi fumbi ndi zotsalira za thovu la chandamale zimene zimamatirira pa muvi. Musanalowe m'hide pukutani muvi ndi kansalu konyowa, muusiye uume, ndipo burashi muipukuse ndi mswachi wakale. Mafuta musapakepo, amaitana fumbi. Kenako mutume mnzanu akaime pa dziwe pamene nswala zimamwera, inu mukoke muli m'hide muvi mutaulozetsa kumbali ina kutali ndi iye, akuuzeni ngati akumva. Akamva, bwererani kuno mutiuze mtundu wa mivi yanu, chifukwa ina khungu lake n'lokhakhala kuposa inzake.

MlondaWaMpanda
Ndiyesa mawa m'mawa mphepo isanayambe. Nswala zikumafika cha m'ma 9.